Msonkho wa pa ndalama zomwe mumapeza: mafunso ndi mayankho pa za return, kubwezeredwa ndalama ndi audit ya MRA

Awa ndi mafunso omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu apantchito, ageni, eni nyumba zalendi ndi eni makampani ang'onoang'ono m'Malawi muno. Milingo ya msonkho imasintha pafupifupi bajeti iliyonse, n'chifukwa chake paliponse pomwe tatchula chiwerengero chomwe chimasinthasintha taikapo chaka chake. Musanawerengere zanu, onani milingo yomwe bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA) lalengeza chaka chimenecho.

Kodi return ndi chiyani? Si chimodzimodzi ndi kulipira msonkho?

Ayi, ndi zinthu ziwiri. Return ndi fomu yomwe mumauzirapo MRA ndalama zonse zomwe mwapeza m'chaka, zomwe mwagwiritsa ntchito kuti muzipeze, phindu lomwe latsala, msonkho woyenera pa phindulo, ndi msonkho womwe munalipira kale kapena kudulidwa m'kati mwa chaka. Pamapeto pake pamatuluka chimodzi mwa zitatu: mukuyenera kuwonjezera, mwakwanirana, kapena boma ndilo lili nanu ngongole.

Munthu atha kulipira msonkho chaka chonse koma n'kupatsidwa chindapusa chifukwa sanapereke return. Athanso kupereka return pa nthawi yake koma n'kulipitsidwa chiwongoladzanja chifukwa ndalamayo sanaipereke.

Ndani ayenera kupereka return?

Kampani iliyonse yolembetsedwa, ngakhale isanayambe kugulitsa kanthu. Munthu aliyense wochita bizinesi m'dzina lake, kaya ndi sitolo, galaja, chipatala chapulaiveti, uloya, ukontilakita kapena ntchito za upangiri. Omwe ali m'bizinesi yothandizana awiri kapena atatu, aliyense amaonetsa gawo lake la phindu. Eni nyumba zalendi nawonso ali m'gulu lomweli, pamodzi ndi munthu wapantchito yemwe ali ndi kwina komwe amapezako ndalama.

Ndili pa ntchito ndipo amandidula PAYE mwezi uliwonse. Ndiperekebe return?

Ngati malipirowo ndiwo ndalama zokha zomwe mumapeza, ndipo mumalandira kwa bwana mmodzi, kawirikawiri PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, imakhala yatseka nkhani. Olemba ntchito ndiwo ali ndi udindo wodula ndi kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Inu chanu ndi kusunga ma payslip ndi kutenga fomu ya P9 chaka chikatha kapena mukamasiya ntchito. P9 imaonetsa malipiro onse a chakacho ndi msonkho womwe unadulidwa.

Zimasintha mukakhala ndi ntchito ziwiri, nyumba yalendi kapena geni yapambali. Gawo losadulidwa msonkho limaperekedwa kamodzi kwa munthu, osati kamodzi pa ntchito iliyonse. Mwachitsanzo, pa milingo ya 2024, wolandira K150,000 kuno ndi K150,000 kwina akhoza osadulidwa konse mbali zonse ziwiri, chonsecho pa K300,000 yonseyo msonkho wake ndi K37,500 pa mwezi, yomwe pa chaka ndi K450,000. Ngongole imeneyi ndi ya wolandirayo. Njira yabwino ndi kuwauza abwana achiwiriwo msanga kuti gawo laulere munaligwiritsa kale ntchito kwina.

Kodi msonkho wa munthu amauwerengera bwanji?

Amauwerengera m'magawo. Milingo yomwe inayamba mu Epulo 2024 inali yotere pa mwezi: K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25%, kuchokera pa K500,000 kufika pa K2,550,000 unali 30%, ndipo yopitirira apo 35%.

Tiyerekeze malipiro a K600,000. Pa K150,000 yoyamba palibe kanthu. Pa K350,000 yotsatira, 25% ndi K87,500. Pa K100,000 yotsala, 30% ndi K30,000. Msonkho wonse ndi K117,500.

Anthu ena amakana kukwezedwa malipiro poopa kuti akalowa gawo lapamwamba azilandira zochepa kuposa kale. Mantha amenewa alibe maziko. Mlingo wapamwamba umagwira ndalama yokhayo yomwe yadumpha malire, osati malipiro onse. Wabizinesi yemwe sanalembetse ngati kampani amagwiritsa ntchito magawo omwewa atawachulukitsa ka 12. Kampani ilibe gawo laulere: yolembetsedwa m'Malawi imalipira 30% pa phindu kuyambira kwacha yoyamba, pomwe nthambi ya kampani yakunja imalipira 35%.

Ndingapeze bwanji TPIN?

TPIN ndi nambala yomwe MRA imakudziwirani, ndipo popanda iyo simungapereke return. Mumalembetsa pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA, kapena ku ofesi ya MRA yapafupi. Munthu amafunika chiphaso cha unzika, wabizinesi amawonjezera satifiketi yolembetsera bizinesiyo. Ikani nambala ya foni ndi imelo zanuzanu, osati za mwana wa achimwene yemwe wakuthandizani kulembetsa. Makalata a MRA amadzera kumeneko, ndipo masiku oti muyankhe sadikira kuti inu muione kalatayo.

Chaka cha msonkho chimatha liti, ndipo return imafunika liti?

Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kampani imatsatira tsiku lomwe imatsekera mabuku ake, ndipo ambiri amatseka pa 31 Disembala. Return imafunika pasanathe masiku 180 chitsekereni chaka. Kwa otseka mu Malichi masikuwa amathera kumapeto kwa Seputembala, kwa otseka mu Disembala amathera kumapeto kwa Juni. Msonkho wotsala umalipidwa pa nthawi yomweyo.

Musadikire sabata yomaliza. Ndi nthawi yomwe aliyense amakhala ali pa Msonkho Online, ndipo netiweki ikavuta chindapusa chimagwera inuyo.

Provisional tax ndi msonkho winanso?

Si wina ayi, ndi msonkho womwewo koma wolipidwa pang'onopang'ono chaka chisanathe. Wabizinesi amayerekeza phindu la chaka n'kumalipira kanayi, pasanathe masiku 25 miyezi itatu iliyonse ikatha. Kwa yemwe chaka chake chimayamba mu Epulo, masiku ake ndi 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Zolipira zinayizo pamodzi ziyenera kufika 90% ya msonkho weniweni wa chakacho. Zikapelewera pamakhala chindapusa.

Pomwe ambiri amagwa ndi apa: amayerekeza phindu kumayambiriro kwa chaka, kenako amapeza oda yayikulu mu Novembala koma n'kupitiriza kulipira kandalama komwe kaja. Gawo lililonse lisanafike, onaninso mabuku. Withholding tax (msonkho womwe kasitomala amadula pokulipirani) yomwe mwadulidwa kale imawerengeredwa pa zomwe mwalipira, choncho ena safunika kuwonjezera zambiri.

Pa Msonkho Online ndimayamba pati?

Ntchito yayikulu imachitika musanatsegule kompyuta. Sonkhanitsani ma statement a kubanki a miyezi yonse 12, ma invoice omwe munapereka, malisiti a zogula, masatifiketi a withholding tax, P9 ngati mulinso pa ntchito, umboni wa provisional tax, ndi mndandanda wa katundu wokhalitsa wa bizinesi. Werengani sitoko yomwe yatsala tsiku lotseka chaka, chifukwa katundu yemwe akadali pa shelefu sachotsedwa pa phindu la chaka chimenecho.

Kuchokera pamenepo konzani maakaunti a chaka, kenako pepala lowerengera msonkho: mumayamba ndi phindu la m'maakaunti, kubwezerapo zomwe lamulo silivomereza, kuchotsa ma capital allowance (zomwe lamulo limalola kuchotsa pa katundu wokhalitsa), ndiye phindu lodulidwa msonkho latuluka. Mukatero lowani pa Msonkho Online, sankhani return ya income tax ndi chaka choyenera, lembani ziwerengero, phatikizani maakaunti ndi pepala lija, tumizani, ndipo sungani umboni woti yalandiridwa.

Polipira mumatulutsa nambala yolipirira yotchedwa PRN n'kupita nayo kubanki kapena kulipira pa intaneti ya banki yanu. Onetsetsani mtundu wa msonkho ndi chaka musanatulutse PRN. Ndalama ya income tax ikalowa ku VAT kapena ku chaka china, akaunti yanu imaonetsabe ngongole ngakhale ndalama inachoka kale kubanki, ndipo kuisamutsa kumafuna kalata ndi kudikira.

Geni yanga ndi yaing'ono. Nanenso ndikonze maakaunti onsewa?

Kwa mabizinesi ang'onoang'ono kuli presumptive tax, yomwe inabwera mu 2021 m'malo mwa turnover tax. Imawerengedwa pa ndalama zonse zomwe mwagulitsa m'chaka, osati pa phindu. Pomwe inkayamba, wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni sankalipira, wofika K7 miliyoni ankalipira K110,000, wofika K10 miliyoni K170,000, ndipo wofika K12.5 miliyoni K225,000 pa chaka.

Ubwino wake ndi woti ndi yosavuta. Kuipa kwake n'koti simuchotsa kanthu, ngakhale chaka chomwe mwaluza. Buku la zogulitsa tsiku ndi tsiku likufunikabe, chifukwa ndilo umboni woti mulidi m'gawo lomwe mukunenalo.

Chaka chino ndaluza, mwinanso bizinesi yangoima. Ndiperekerenji return?

Perekani ndithu. Bizinesi yomwe sinayende imapereka return yopanda kanthu. MRA ikaona TPIN yamoyo yomwe ili chete, ili ndi mphamvu zoyerekeza yokha msonkho wanu, ndipo kuyerekeza kwakeko sikukhala kokomera inu.

Kuluza komwe kwalembedwa pa return n'kothandizanso. Kwa mabizinesi ambiri lamulo limalola kunyamula kuluzako mpaka zaka 6, n'kumakuchotsa pa phindu la zaka zotsatira. Mukaluza K3 miliyoni chaka chino n'kupindula K5 miliyoni chaka chamawa, msonkho umagwira K2 miliyoni yokha. Kuluza komwe simunakunene pa nthawi yake kumavuta kukuteteza patsogolo. Ngati bizinesi mwaitsekeratu, lemberani MRA kuti aichotse m'kaundula.

Ndi ziti zomwe ndingachotse pa ndalama zolowa ndisanawerengere msonkho?

Lamulo la Taxation Act limalola ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito pa bizinesi yokha, zomwe zinali zofunikadi kuti mupeze ndalama zolowazo, ndipo zisakhale zogulira katundu wokhalitsa. M'gulu limeneli muli mtengo wa katundu yemwe mwagulitsa, lendi ya malo a bizinesi, malipiro a antchito, magetsi ndi madzi a pamalopo, mafuta ndi kukonzetsa galimoto ya bizinesi, inshuwalansi, chiwongoladzanja cha ngongole yomwe inalowa m'bizinesi, zomwe banki imadula, kutsatsa malonda, malipiro a akauntanti, ndi levy ya TEVET (yothandizira maphunziro a ntchito zamanja). Gawo la penshoni lomwe bwana amaperekera antchito limachotsedwa mpaka 15% ya malipiro awo. Ngongole ya kasitomala yomwe yafa imachotsedwanso, bola muonetse kuti inalembedwa kale ngati ndalama zolowa komanso kuti munayesetsa kuilonjerera.

Zinthu zogwiritsidwa ntchito mbali ziwiri, monga foni, galimoto kapena nyumba yomwe kutsogolo ndi okala kuseri n'kogona, zimagawidwa. Gawani mwanzeru ndipo lembani mmene mwagawira. Pa galimoto, kabuku kosungidwa m'galimoto momwemo, kolembamo tsiku, komwe mwapita, chifukwa chake ndi makilomita, kamathetsa mkangano womwe pakamwa simungaupambane.

Nanga zomwe amakana ndi ziti?

Zapanyumba zonse: fizi ya ana, chakudya, lendi ya nyumba yogona, chipatala cha banja, thandizo la pamaliro ndi paukwati wa achibale. Kuno kulibe gawo lochotsera msonkho chifukwa cha kuchuluka kwa ana kapena anthu omwe mumasamala. Amakananso zindapusa, msonkho wa income tax womwewo, ndi ndalama zomwe mwangoika padera poopa zamtsogolo koma simunazigwiritse ntchito.

Mwini bizinesi yosalembetsedwa ngati kampani sangadzilembe malipiro n'kuwachotsa. Zomwe amatapa m'kabati ndi gawo la phindu. Zopereka zachifundo zimaloledwa pokhapokha zikapita ku mabungwe omwe boma linawavomereza pa nkhani ya msonkho, choncho funsani musanapereke ngati mukufuna kudzazichotsa. Wolembetsa VAT asaphatikize m'zolipira zake VAT yomwe anaitenga kale pa return ya VAT, chifukwa kumeneko n'kuchotsa kawiri.

Ndagula galimoto ndi chigayo cha bizinesi. Ndichotse mtengo wonse chaka chomwecho?

Kawirikawiri ayi. Katundu wokhalitsa amachotsedwa pang'onopang'ono kudzera m'ma capital allowance, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mlingo wake. Depreciation (kutsika kwa mtengo wa katundu akamakalamba) yomwe akauntanti amalemba m'maakaunti imabwezeredwa pa phindu, m'malo mwake mumalowa mlingo wa MRA. Tiyerekeze galimoto ya K10 miliyoni pa mlingo wa 20%: chaka choyamba muchotsa K2 miliyoni, chachiwiri 20% ya K8 miliyoni yotsala, yomwe ndi K1.6 miliyoni, n'kumatsika choncho.

Opanga zinthu m'mafakitale ali ndi mwayi wapadera wa investment allowance: 100% pa makina ndi nyumba za fakitale zatsopano, 40% pa zogwiritsidwapo kale ntchito. Kukonza chomwe chawonongeka, monga kusintha malata odontha, kumachotsedwa chaka chomwecho. Kuwonjezera chipinda chatsopano si kukonza. Mukadzagulitsa katunduyo pa mtengo woposa womwe watsala m'mabuku a msonkho, kusiyanako kumabwerera ngati ndalama zolowa.

Kasitomala wandidula withholding tax. Ndalama imeneyo yapita basi?

Sinapite, ndipo apa ndi pomwe amalonda ang'onoang'ono ambiri amataya ndalama zawo. Boma, makampani ndi mabungwe akamakulipirani amadula gawo n'kukalipereka ku MRA m'dzina lanu pofika pa 14 mwezi wotsatira. Pa katundu woperekedwa mlingo wakhala uli 3%, pa ntchito zambiri 20%. Pa mitundu yambiri ya malipiro, ndalamayi ndi msonkho wolipiriratu womwe umachotsedwa pa msonkho wanu wa chaka. Ilipo ina yomwe imathera pomwepo, monga 10% ya pa ma dividend (gawo la phindu lopatsidwa eni masheya), yomwe sibwerera. Advance income tax yomwe oitanitsa katundu amalipira pa chipata nayonso imawerengeredwa pa return.

Chomwe chimakupatsani ufulu ndi satifiketi. Itengeni nthawi yomwe mukulipidwa, muone ngati dzina, TPIN, tsiku ndi ndalama zili zolondola. Kuifuna patatha chaka, akauntanti wa bungwe lija atachoka kapena pulojekiti itatsekedwa, n'kovuta kwambiri.

Kodi MRA imabwezadi ndalama?

Imabweza, koma kwa yekhayo amene wapereka return n'kupempha. Taonani chitsanzo ichi pa milingo ya 2024. Munthu wokonza makompyuta m'dzina lake wagwira ntchito za K20 miliyoni m'mabungwe, ndipo adulidwa 20%, yomwe ndi K4 miliyoni. Zolipira zovomerezeka za bizinesi ndi K12 miliyoni, phindu K8 miliyoni. Pa K1.8 miliyoni yoyamba palibe msonkho. Pa K4.2 miliyoni yotsatira, 25% ndi K1,050,000. Pa K2 miliyoni yotsala, 30% ndi K600,000. Msonkho wa chaka ndi K1,650,000, kutanthauza kuti boma lasunga K2,350,000 yake. Akanakhala kampani, msonkho ukanakhala K2.4 miliyoni ndipo yobwezedwa K1.6 miliyoni.

Chomwe chachititsa n'choti withholding tax imadulidwa pa ndalama yonse ya pa invoice, pomwe msonkho weniweni umagwira phindu lokha. Munthu wotere akapanda kupereka return amakhala wasiya ndalama yoposa msonkho wake weniweni.

Return ikaonetsa kuti munalipira mopitirira, tumizani pempho lobwezeredwa pamodzi ndi masatifiketi onse, umboni wa zomwe munalipira, ndi akaunti ya kubanki ya dzina lomwe lili pa TPIN. Muthanso kupempha kuti ndalamayo ikatsekere msonkho wina womwe ukubwera, ndipo kwa ambiri njira imeneyi imathandiza msanga kuposa kudikira ndalama kubanki.

N'chifukwa chiyani kubwezeredwako kumachedwa?

MRA isanabweze imafufuza. Imaona ngati wodulayo anakaperekadi ndalamayo ndipo anaika TPIN yanu. Imaona ngati ma return anu onse alipo, kuphatikizapo a PAYE ndi VAT. Imaonanso ngati muli ndi ngongole pa msonkho wina, ndipo ikakhalapo imayamba yadzilipira. Chimodzi mwa izi chikasokonekera, pempho limaima osakuuzani msanga. Nthawi zina zonse zimakhala bwino koma mzere wa odikira ndi wautali.

Musanatumize pempho, fananizani masatifiketi anu ndi zomwe akaunti yanu ikuonetsa pa Msonkho Online. Satifiketi yomwe sikuoneka, bwererani kwa wodulayo akakonze. Dziwaninso kuti pempho la ndalama zambiri limatha kubweretsa audit, kutanthauza kuti MRA ifufuze mabuku anu, choncho mabuku akhale okonzeka. Ichi sichifukwa chosiyira ndalama yanu.

Pali njira yoti asamandidule n'komwe?

Ilipo satifiketi ya withholding tax exemption, yomwe MRA imapereka kwa omwe mbiri yawo ndi yoyera: ma return onse anaperekedwa, provisional tax imalipidwa, palibe ngongole. Imakhala ndi nthawi yothera ndipo imafunika kukonzanso. Si mitundu yonse ya malipiro yomwe imaikhudza. Musaisokoneze ndi tax clearance, yomwe ndi kalata yotsimikiza kuti muli bwino ndi MRA, yofunika popikisana pa ma tender a boma ndi posintha umwini wa malo. Kukhala ndi tax clearance yokha sikuletsa kasitomala kudula.

Ndili ku Johannesburg koma ndili ndi nyumba yalendi ku Lilongwe. Zikundikhudza?

Inde. Malawi amadula msonkho poona komwe ndalama yachokera. Lendi ya nyumba yomwe ili m'Malawi ndi ndalama ya m'Malawi, kaya mwini wake ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London. Ngati pa nkhani ya msonkho mumawerengedwabe kuti ndinu wokhala m'Malawi, pa lendiyo mumachotsa zokonzetsa, msonkho wa kukhonsolo, inshuwalansi, malipiro a ejenti ndi chiwongoladzanja cha ngongole yomangira. Wochita lendiyo akakhala kampani kapena bungwe amadula msonkho asanakulipireni, ndipo satifiketi yake ndi yofunika monga tafotokozera pa funso la withholding tax.

Ndalama zomwe mumatumizira makolo kuti adyere si phindu la bizinesi ndipo sizidulidwa income tax. Vuto limabwera zikamalowa mu akaunti yomweyo ya geni, monga funso la audit likuonetsera.

N'chiyani chimachititsa kuti MRA isankhe munthu pa audit?

Nthawi zambiri ndi ziwerengero zosagwirizana. MRA ili ndi zambiri zomwe inu simunaipatse: katundu yemwe munalowetsa pa Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe analembedwa ku kasitomu, makasitomala omwe anakudulani withholding tax ananena ndalama zomwe anakulipirani, ndipo makina otulutsa malisiti a msonkho amatumiza zogulitsa. Return ikamanena kuti mwagulitsa K30 miliyoni pomwe ma return a VAT akuphatikizana kukhala K55 miliyoni, funso libwera. Zinanso ndi kuluza zaka zotsatizana bizinesi ikukulirakulira, malipiro a m'maakaunti osafanana ndi a pa PAYE, ndi phindu lotsika kwambiri poyerekeza ndi anzanu a malonda omwewo. Ena amasankhidwa chifukwa chakuti gawo lawo la malonda ndilo likuunikidwa chaka chimenecho. Kusankhidwa sikutanthauza kuti mwapalamula.

Audit imayenda bwanji?

Imayamba ndi kalata yotchula zaka ndi mitundu ya msonkho yomwe iunikidwe, pamodzi ndi mapepala ofunika. Kenako pamakhala mkumano woyamba, pomwe ma auditor amafunsa mmene bizinesi imayendera. Ina imachitikira ku ofesi kwawo, ina amabwera pamalo panu. Akamaliza amakupatsani zomwe apeza kuti muyankhe, ndipo pambuyo pake pamatuluka assessment, kalata yonena msonkho womwe MRA yati mulipire.

Chinthu choyamba chomwe amachita ndi kuphatikiza ndalama zonse zolowa kubanki n'kufananiza ndi zogulitsa zomwe munanena. Ndalama iliyonse yolowa yomwe simungaifotokoze amaitenga ngati malonda. K2 miliyoni yomwe achemwali anatumiza kuti mugulire simenti, ya chipereganyu, ya banki m'khonde, yogulitsa ng'ombe zakumudzi, zonsezi zikalowa mu akaunti ya bizinesi popanda pepala, zimadulidwa msonkho pamodzi ndi chindapusa. N'chifukwa chake timalimbikira kuti akaunti ya bizinesi ikhale payokha, chimodzimodzi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira malonda.

Chachiwiri amatenga zolipira zikuluzikulu n'kufuna lisiti ya chilichonse. Amaonanso ngati inuyo munadula withholding tax polipira lendi ndi makontilakita, ngati ma allowance a antchito anadulidwa PAYE, komanso ngati fringe benefit tax inalipidwa pa nyumba ndi galimoto zomwe kampani imapatsa mabwana. Mabizinesi ambiri amagwidwa apa osati pa phindu, chifukwa msonkho womwe munayenera kudula kwa wina koma simunadule mumaulipira nokha.

Sankhani munthu mmodzi wolankhula nawo. Perekani makope, ndipo pepala lenileni likatengedwa lembani mndandanda asaine. Funso lomwe simukulidziwa bwino musayankhe mongoganiza, pemphani nthawi mukayankhe polemba. Gawo loyankha zomwe apeza ndilo lofunika kwambiri, chifukwa kukonza cholakwika assessment isanatuluke n'kosavuta kuposa kuitsutsa itatuluka.

Mapepala ndisunge kwa nthawi yaitali bwanji?

MRA itha kubwerera m'mbuyo zaka 6, ndipo pakakhala chinyengo malire amenewa sagwira ntchito. Sungani zaka 7 kuti musakayike. Mapepala ogulira katundu wokhalitsa asungidwe nthawi yonse yomwe katunduyo alipo.

Samalani ndi malisiti otuluka m'makina. Pepala lake limafufutika likakhala pa dzuwa kapena potentha, ndipo lisiti yomwe yagona miyezi ingapo pa dashibodi imasanduka kapepala koyera kopanda chilembo. Ijambuleni pa foni kapena pa fotokope sabata yomweyo, muiphatikize ndi yeniyeniyo. Pogula kwa alimi kapena kumsika komwe kulibe malisiti, khalani ndi buku lanu lolipirira: tsiku, dzina la wogulitsa, katundu, makilogalamu, mtengo, nambala ya foni ndi saini yake.

Sindikugwirizana ndi assessment. Ndichite chiyani?

Lemberani Commissioner General, mkulu wa MRA, kalata yotsutsa pasanathe masiku 30. Kalata yongoti msonkho wachuluka sithandiza. Tchulani mfundo iliyonse payokha: ndalama yomwe mukuitsutsa, chifukwa chake, gawo la lamulo ngati mukulidziwa, ndi umboni wophatikizidwa. Udindo woonetsa kuti assessment ndi yolakwika uli pa inu. Gawo lomwe simukulitsutsa lipirani kuti chiwongoladzanja chisakwere.

Kukambirana pakamwa ndi ofisala sikuimitsa masiku 30 aja. Ambiri amataya mlandu wabwino chifukwa chodikira yankho la pa foni. Mukapanda kukhutira ndi yankho la Commissioner General, malamulo a 2021 anakhazikitsa Revenue Appeals Tribunal yomva madandaulo a msonkho, ndipo pamwamba pake pali khothi lalikulu.

Ndazindikira kuti ndinalakwitsa, kapena papita zaka osapereka return. Ndiyambire pati?

Yambani inuyo MRA isanakupezeni. Cholakwika pa return chimakonzedwa potumiza yokonzedwa ndi kalata yofotokoza chomwe chasintha. Pa zaka zotsalira, tengani ma statement a kubanki a zaka zonsezo, pezani masatifiketi a withholding tax omwe angapezeke, ndipo perekani kuyambira chaka chakale kwambiri kuti kuluza kulikonse kunyamulidwe bwino. Chindapusa ndi chiwongoladzanja zikhalapo, koma mutha kupempha polemba kuti muzilipira m'magawo, komanso kuti chindapusa chichepetsedwe ngati pali chifukwa chomveka monga matenda aakulu. Ngongole ikangosiyidwa, MRA ili ndi mphamvu zolamula banki kapena kasitomala wanu kuti apereke ndalama zanu kwa iyo mwachindunji.

Ndikufunika akauntanti? Nanga wina akandiuza kuti "tingothana pompano"?

Wa presumptive tax kapena wa nyumba imodzi yalendi atha kudzichitira yekha ngati mabuku ali bwino. Kampani, wolembetsa VAT, woitanitsa katundu kunja ndi aliyense yemwe walandira kalata ya audit apeze akauntanti yemwe ndi membala wa bungwe la akauntanti la ICAM. Return musanaitumize iwerengeni nokha, chifukwa cholakwika chili chonse chimakhala cha mwini TPIN. Ndalama ya msonkho lipirani nokha ndi PRN, musaipereke m'manja mwa munthu kuti akakulipirireni.

Wokuuzani kuti ngongole ifufutike mukamupatsa kangachepe akukuikani pa milandu iwiri. Ngongoleyo imakhalabe m'kompyuta ndipo idzatulukanso ofisala wina akadzatenga fayilo yanu, chiwongoladzanja chitakwera. Nkhani zotere zimakanenedwa kwa akuluakulu a MRA kapena ku Anti-Corruption Bureau, ndipo pokanena tengani tsiku, malo ndi mauthenga omwe munalandira.